Tinapempha Choko

Ine choko sindichifuna m'nyumba mwanga. Adzukulu akabwera ndi tizidutswa tija amatola pansi pa bolodi, ndimawauza kuti kalembereni uko, pakhoma la khola. Amaseka, amati agogo ali ndi zawozawo. Zoona ndili nazo, ndipo ndi zimene ndikufuna kulemba pano, ngakhale kulemba kwanga n'kwa sitandade folo, komanso maso ayamba kundikana.

Kwathu ine n'ku Kasungu. Kuno ku Mzimba ndinabwera ndi ukwati. Achimwene anga ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndiye akazi awo atabereka ndinapita kukawathandiza, ndipo kumeneko ndi kumene bambo a ana angawa anandiona ndikutola nkhuni za paini. Kuzizira kwa kumeneko, inu! Umachapa thewera m'mawa, zala osazimvanso mpaka masana. Koma si nkhani yake imeneyo. Anandilowola, ng'ombe zinapita ku Kasungu, ine ndinabwera kumudzi kwawo, kupitirira Edingeni, cha kumalire. Tinabereka ana anayi. Kenako bambowo anapita ku Joni ngati anzawo onse. Chaka choyamba kunabwera bulangete ndi kalata, chachiwiri kalata yokha, chachitatu zii. Mpaka lero sindidziwa ngati ndine wamasiye kapena ayi.

Tsono kuno si kwathu kumene ana ndi a mayi ndi amalume awo. Kuno ng'ombe zikapita, ana ndi a kuchimuna. Wolamula ana anga anali alamu anga aakulu, akulu awo a bambowo, munthu wa fodya ndi ng'ombe, wosaba, wosamwa, koma wonyada koopsa. Analinso wapampando wa komiti ya sukulu. Ine ndinali m'komitimo chifukwa Chichewa ndimachitha, ndiye alendo a Boma akabwera ndinkathandiza kumasulira.

Mwana wanga wotsiriza ndi mtsikana. Sukulu anayamba mochedwa, nthawi ija inakhala yaulere ana n'kukhamukirako ngati ngumbi, ena ndi ndevu zomwe. Pofika sitandade faifi anali atakula, koma mutu unali wakuthwa. Ankandiwerengera zolembedwa pa thumba la feteleza, za Chizungu zomwe, ine n'kumangovomera. Vuto linali lakuti sukulu yathu inkalekera sitandade faifi pomwepo. Wofuna sikisi ankayenera kuwoloka mtsinje n'kuyendanso mtunda wautali m'tchire, ndipo nthawi imeneyo sukulu zinkatsegulira mu Januwale, mtsinje uli thothotho.

Alamu anandiitana tsiku lina pansi pa mtengo wawo wa mango. Ndinagwada pataliko monga mwa mwambo.

"Mulamu," iwo anatero, "mwana uyu wakula. Sikisi ikatsegulidwa pano mu Januwale, aphunzire, ine ndilibe mawu. Ikapanda kutsegulidwa, mbwenu basi. Sindingasunge namwali woyenda m'tchire yekha, kapena wongokhala pakhomo. Pali anthu afunsa kale."

Ndinati yewo, chifukwa palibe china ukananena. Koma kuyambira tsiku limenelo buloko ya sikisi inali m'mutu mwanga ngati malungo.

Ahedi athu anali a ku Mulanje, bambo wamfupi wokonda jekete ngakhale kutenthe. Anabwera kuchokera ku msonkhano ku Boma n'kutiuza mmene ofesi ya maphunziro imagwirira ntchito. Anati ofesi siimanga yokha. Inu makolo umbani njerwa, tutani mchenga, kwezani makoma, ikani mitengo ya denga. Ofesi idzabweretsa malata, misomali, simenti ya pansi, ndi mphunzitsi wina. Koma anati malatawo ndi a sukulu zochepa pachaka, ndiye bwana adzayendera kaye kuti aone.

Amuna m'mudzi munalibe, onse ku Joni, kunatsala nkhalamba ndi alamu. Ndiye njerwazo tinaumba ndife azimayi. Kuponda dothi ndi mapazi mpaka zidendene kung'ambika, kunyamula chikombole m'chiuno mpaka msana kuuma, madzi kukatunga kudambo. Panali mayi wina woyembekezera amene tinkamuthamangitsa kuti akapume, mawa lake uyo wabweranso. Uvuni tinawotcha, koma nkhuni zinachepa, ndiye njerwa zam'mbali zinangopsa pamwamba, mkati zili ziwisi. Tinadziwa, koma tinati zikakhala pansi pa denga palibe kanthu. Mmisiri wathu, mkulu wina amene anaphunzira kumanga ku migodi, anamanga ndi matope poti simenti tinalibe. Pofika Seputembala makoma anali ataima, zipinda ziwiri, mitengo ya bulugamu ili pamwamba. Ndinkadutsa dala pamenepo popita kudimba kuti ndingoiona.

Kenako ahedi analandira uthenga wa maliro a mayi awo, ananyamuka kupita ku Mulanje. Ulendo wa kumeneko si wa lero ndi mawa. Ali komweko, kunabwera kalata. Anatiwerengera ndi mphunzitsi wamkazi amene anatsala, kamtsikana kamanyazi, kongolembedwa kumene ntchito kasanapite n'kukosi komwe. Anati bwana wa ku ofesi ya maphunziro akubwera Lachinayi kudzayendera buloko.

Tinakumana a komiti. Apa ndi pamene ndikufuna ndinene zoona, chifukwa anthu kuno amati anali alamu. Sanali alamu. Ndinali ine.

Mukudziwa mmene timachitira kukamabwera alendo. Kaya ndi a chikwati, kaya abusa, umabwereka mipando kwa aneba, mbale zagalasi kwa aphunzitsi, nsalu ya patebulo kwa amayi a chigwirizano. Mlendo sumuonetsa ming'alu ya m'nyumba mwako. Ndi mmene ndinaleredwera, ndipo kuno ku Mzimba ndiye n'koposa. Tsono ine ndinaganiza kuti bwana akadzapeza makoma ali yasa ngati bwinja, adzati anthu awa ndi aulesi, n'kupereka malata kwa ena ooneka akhama. Ndinkaona ngati thandizo limatsata anthu odzilemekeza. Ndipo ndinkadziwa kuti m'nyumba mwa alamu muli malata atsopano, ogula ndi ndalama za fodya, akudikira nyumba yawo ya njerwa.

Ndinati, "Alamu, bwanji tibwereke malata anu tsiku limodzi lokha, bwana adzaone mmene buloko idzaonekere ikatha?"

Alamu anayamba akana. Kenako ndinaona nkhope ikuwala, poti anthu onse adzaona malata awo. Anati, "Koma msomali yayi. Lata langa likabooka, mulipira."

Ndiye Lachitatu lonse tinali pa ntchito. Malata tinawayala pamitengo, kumanga ndi waya m'mphepete, pamwamba kutsindira ndi njerwa. Kuno nyumba zambiri zili ndi miyala padenga, ndiye palibe akanadabwa. Mabenchi tinakatenga kutchalitchi. Pansi tinazira ndi dothi lakuda mpaka kusalala. Tinasesa bwalo lonse, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Ana tinawauza asambe, adzole mafuta, opanda yunifolomu abwereke kwa anzawo a sitandade wanu amene tinawauza kuti akhale kunyumba. Kunena zoona, pamalo panakongola. Ine ndinaima patali n'kumayang'ana malata akunyezimira, mtima uli mbee.

Bwana anafika Lachinayi dzuwa lili pamutu, pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anali bambo wowonda, wolankhula Chichewa cha ku Dedza, chikwama chakutha chili pamsana. Nkhalamba zathu zinamuvinira ingoma ndi zishango zawo, ife tikuimba m'manja. Iye ankamwetulira koma diso lili pa wotchi. Atalowa m'buloko anayang'ana kumwamba.

"Aa! Mwafolera kale?"

Alamu anatukula chifuwa. "Ise tikugona yayi, bwana. Kuno sitidikira munthu."

"Ndi mabenchi omwe! Koma anthu inu. Kumene ndachokera m'mawawu ana akukhala pa miyala pansi pa mtengo." Anatulutsa fomu n'kuyamba kulemba, akugwedeza mutu mokondwa. Ine ndinaliza nthungululu, inde, ineyo. Kenako anafunsa, "Nanga tsopano chikusowa n'chiyani pano?"

Mawu anali pakamwa panga. Malata, bwana, awa ngobwereka. Koma mkazi wokwatiwa pamudzi sayankha alamu ake aakulu ali chiimire. Komanso mlendo sumupempha kanthu asanadye. Nkhuku inali itapsa, mpunga uli tayale kunyumba ya ahedi, ndipo ine mumtima ndinati akasamba m'manja, akakhuta, tidzamuuza bwinobwino, alamu adzayamba ine n'kumasulira. Kamphunzitsi kaja kanandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Alamu anakhosomola. Anthu onse a m'mudzi anali pamawindo kumvetsera. Munthu woti wangonena kumene kuti sitidikira munthu akanatembenuka bwanji n'kuyamba kupempha?

"Choko pera, bwana," anatero. "Choko basi."

"Chimenecho ndiye n'chosavuta," bwana anatero, n'kulemba.

Titati tiyeni mukadye, anakana. Anati atsala ndi sukulu ziwiri, ndipo petulo amene wapatsidwa ndi wa tsiku lomwelo, akapanda kuzimaliza sadzabweranso mbali ino. Tinamukakamiza, anapepesa, tinamukulungira ntchafu ya nkhuku m'pepala, anaika m'chikwama, uyo fumbi kobo. Nthawi yopempha ija siinafike.

Koma tinali osangalala, mukhulupirire. Tinkati bwana wagoma nafe, malata akubwera. Mawa lake tinatsitsa malata a alamu, kuwapukuta limodzilimodzi, mabenchi kubweza kutchalitchi.

Ahedi anabwera patatha sabata. Titawafotokozera, tikuseka, kulandizana mawu, iwo anangokhala pansi pa dothi ndi jekete lawo lomwe, manja kumutu.

"Amayi, mwachita chiyani? Munthu uja sanabwere kudzaona akhama. Anabwera kudzaona ovutikitsitsa. Malata amapita kumene kulibe denga. Inu mwamuonetsa denga."

Ndinati mwina ahedi akukokomeza, anthu a kumwera amakonda kudandaula. Koma patapita masabata awiri galimoto yopita ku Edingeni inatsitsa makatoni pamsewu, ana n'kukasenza. Choko. Makatoni a choko choyera, ndi kabokosi kamodzi ka chamitundu.

Ndinapita kwa alamu kuti tipite ku Boma tikanene zoona. Anati iwo sangakaime pamaso pa bwana n'kunena kuti ananama, munthu wamkulu ngati iwo. Ndinati chabwino, tibwerekeniko malata aja dzinja lino lokha, makoma angagwe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mulamu, nzeru inali yanu. Ine mvula indinyowetse chifukwa cha nzeru zanu?"

Sabata yomweyo anaitana mmisiri n'kuwakhoma panyumba yawo. Ndinkamva hamala ndili kudimba, kho, kho, kho, tsiku lonse.

Ahedi sakanachokanso pasukulu atajomba kale masiku ambiri chotero, ndiye anandilembera kalata, ine ndinagulitsa nkhuku ziwiri n'kukwera matola. Msewu wake nthawi imeneyo, ukafika ku Boma umakhala wofiira ngati wagwa m'chulu. Ndinasukusula pampopi wa kumsika, n'kufunsa wakabaza kuti ofesi ya maphunziro ili kuti. Anafuna kundikweza, ndinati miyendo ndili nayo.

Pakhonde la ofesiyo panali anthu, inu! Aphunzitsi okhaokha. Wina dzina lake lasowa pa malipiro, wina akufuna kusamuka chifukwa nyumba yake yagwa, mayi wina atavala zakuda akutsata za amuna ake amene anamwalira ali pa ntchito. Ine ndinkaganiza kuti ofesi ya Boma ndi malo a makapeti. Ndinapeza benchi yothyoka mwendo atachirikiza ndi njerwa, ndi mafayilo ataunjikidwa pansi mpaka pawindo. Kalaliki anati bwana amene ndikumufunayo wapita kukayendera mayeso, ndibwere mawa. Ndinakagona kwa mwana wa achemwali anga amene ankagwira ntchito yochapa kuchipatala. Mawa lake ndinali woyamba pabenchi.

Bwana anandizindikira. "Aa, amayi a nthungululu aja! Choko chinafika?"

Ndinagwada pa simenti n'kupereka kalata ndi manja awiri. Anawerenga, kumwetulira kuja kunatha. Anawerenganso.

"Dzukani, mayi, khalani pampando."

"Ndili bwino pompano, bwana."

"Ndiye mukuti malata aja anali obwereka? Mabenchinso?"

"Ndi yunifolomu zina, bwana."

Anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Koma analankhula motsitsa, ngati munthu wotopa.

"Mayi, ndikuuzeni mmene zilili kuno, mwina mukuganiza kuti kuseriku kuli nyumba yodzaza malata. Ndalama zathu zimachokera ku Lilongwe. Timapempha chaka chisanayambe, amatipatsa zochepa pa zimene tapempha, ndipo zochepazo zimabwera pang'onopang'ono, mwezi wina osabwera n'komwe. Pomwepo tigule choko, marejisitala, tiyendetse mayeso, tithire petulo woyendera sukulu zonse mpaka kumalire, tilipire magetsi a ofesi ino. Mphunzitsi akamwalira, bokosi ndi galimoto yokamutula kwawo n'zathu, ndipo masiku ano mukudziwa mmene anthu akupitira. Zotsala ndi zimene timagula malata. Chaka chino anakwana sukulu zochepa, ndipo anapita kale. Ena anapita kusukulu ija ndinakuuzani, ya ana okhala pa miyala. Ndikawakhomole?"

Ndinati ayi, bwana. Nanga ndikanati chiyani? Kumenekonso kuli mayi wina ngati ine.

"Ndiye tilembeniko pa chaka chamawa, koma mphunzitsi wa sikisi yekha abwere mu Januwale. Aphunzire pansi pa mtengo."

"Mu Januwale, mvula ili pakati? Komanso kalasi yatsopano siitsegulidwa popanda chipinda chofolera. Pa lipoti langa chipinda chilipo, koma kalata iyi ikuti palibe. Tsopano ndikadziwa kuti palibe, sindingatumize mphunzitsi. Mukanakhala chete mwina akanabwera."

Apa ndiye ndinaona mdima. Kunama kwandilanda malata, kunena zoona kwandilandanso mphunzitsi. Ndinayamba kulira pamaso pa munthu wachilendo, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinamuuza za mwana wanga, za mtsinje, za anthu amene afunsa kale. Ndinati ndapota, bwana, mwana ameneyu amawerenga thumba la feteleza lonse.

Kenako anati lipoti analemba ndi dzanja lake n'kusaina, ndiye kuti alisinthe ayenera kudzaona ndi maso ake, koma petulo wa mwezi umenewo anatha, ndipo wa mwezi wotsatira sakudziwa. Anati akapeza mpata adzatumiza kalata kuti akubwera tsiku lakuti.

"Ayi, bwana," ndinatero. "Kalata musatumize. Mukatiuza tsiku tisesanso. Ndikuwadziwa anthu anga, ndikudzidziwanso ndekha. Mudzangofika."

Anaseka pang'ono, kenako anaona kuti sindikuseka, n'kusiya.

Nditabwerera ndinayesa za udzu. Koma udzu wofolera umamwetedwa mu Juni, pofika Novembala tchire lonse linali litapsa. Tinapemphapempha mitolo yotsala m'makomo, inangokwana ngodya imodzi. Ndinafolola khitchini yanga n'kuwonjezerapo, sizinafike n'pakati pomwe. Azimayi anzanga anayamba kutopa nane. Ena ankandinena kuti Mchewa uyu ndi amene anatipusitsa, ndipo sankanama. Nthawi yobzala inali itakwana, aliyense anali ndi munda wake.

Mvula yoyamba inabwera ndi mphepo, udzu uja unauluka. Ndinkapita m'mawa uliwonse kukaona makoma. Matope a pakati pa njerwa ankasungunuka n'kumatsika m'khoma ngati phala. Ndinkatapa dothi n'kumamata ndi manja, mawa lake lapita. Njerwa ziwisi zija zinayamba kufumbutuka. Khirisimasi itangodutsa, khoma la kumutu linagwera mkati, linakokanso mitengo iwiri ya denga. Ndinalipeza lili mulu. Ndinakhala pamuluwo mpaka mwana wanga anabwera kudzanditenga.

Sukulu zitatsegulidwa ndinati ayi, tiyese. Sindinapemphe chilolezo kwa alamu. Tinkadzuka kusanache bwino, ine n'kumuperekeza mpaka kumtsinje, makope ali pamutu panga m'pepala la shuga, tikuwoloka titagwirana manja madzi ali m'chiuno. Akafika tsidya ankavala yunifolomu, ine n'kubwerera kumunda. Masana ndinkakamudikiranso. Tinachita choncho masabata awiri, ndipo aphunzitsi a kumeneko anali atayamba kumutama. Tsiku lina mvula inagwa kumtunda, kwathu kuli dzuwa. Pobwerera madzi anali afika m'chifuwa. Tili pakati anatipsinja, mwana anaterereka, ndinamugwira ndi diresi, makope anapita. Tinatuluka kumunsi, pa mabango, mawondo ali magazi.

Panjira tinakumana ndi alamu akuchokera kodyetsa ng'ombe. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwana akunjenjemera, diresi itang'ambika paphewa.

"Mukufuna mundiphere mwana wa mng'ono wanga? Akadzabwera ndidzamuuza chiyani? Mbwenu basi, mulamu. Ndinanena."

Ndipo kunena chilungamo, pamenepo sindinathe kuwatsutsa. Ndinali nditatsala pang'ono kumutaya m'madzi.

Thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja pa nkhani za ukwati, anayamba kubwera. Ine pa zokambiranazo sindinkakhalapo, ntchito yanga inali kuphikira alendo. Ndipo ndinabwereka mbale zagalasi, taonani. Manja anangopita okha. Kumayambiriro kwa Malichi ng'ombe zinalowa m'khola la alamu.

Bwana anafika patatha masiku ochepa ng'ombe zitalowa. Sanatumize kalata, anasunga mawu. Ndinali kumunda, ndinamva anthu akuti kusukulu kwabwera njinga yamoto. Ndinathamanga ndi matope anga omwe, chitenje chonyowa, opanda nsapato. Ndinamupeza ataima pa mulu wa njerwa, buluku ili matope mpaka m'mawondo poti njinga anachita kukankha padambo. Bwalo linali losasesa, udzu utamera m'buloko, mbuzi zili m'chipinda chimene chinatsala. Ana a sitandade wanu ndi thuu anali atapanikizana m'tchalitchi, pansi, ena pa mawindo.

Alamu anafika akupuma mwamphamvu, atanyamula mpando, akukuwa kuti wina agwire nkhuku.

"Isiyeni nkhuku, alamu," ndinatero, anthu onse akumva. Aka kanali koyamba kulankhula iwo ali chiimire. "Bwana, tilibe malata. Tilibe mabenchi. Tilibe simenti, tilibe mphunzitsi, njerwa zathu n'ziwisi. Zimbudzi zinagwa. Choko chokha ndiye tili nacho chambiri."

Ndinanena zonse, mwina ndinawonjeza n'zina. Alamu anangoima ndi mpando wawo m'manja. Bwana analemba tsamba lonse n'kutembenuza. Atatha anandifunsa motsitsa kuti, "Nanga mwana uja?"

Ndinaloza kukhola la alamu. Anamvetsa. Anawatengera alamu pambali n'kulankhula nawo nthawi ndithu, ndinkaona akutambasula manja. Alamu ankangoti enya, bwana, yewo chomene, bwana, mwaulemu wonse. Koma ng'ombe zikalowa m'khola kuno, mawu a munthu wa pa njinga yamoto sazitulutsa, ndipo ziwiri zinali zitalonjezedwa kale kukalowolera mwana wawo wamwamuna.

Mwana wanga anapita titakolola. Sanalire pamaso pa anthu. Ine ndinamupatsa bulangete lija la ku Joni, poti chinthu chabwino m'nyumba chinali chomwecho.

Malata anabwera mu Ogasiti, pa lole, ndi misomali yake ndi matumba a simenti. Tinaumbanso njerwa, ulendo uno tinawotcha mpaka zinalira ngati mbale ukazigogoda. Ine ndinaumba nawo, ndinasenza nawo malatawo kuchokera pamsewu, nanga ndikanatani, pamudzi pali ana a anthu ena. Sikisi inatsegulidwa Januwale wotsatira. Pano sukuluyo imafika eyiti, ndipo ndamva kuti masiku ano kumabwera kandalama kolunjika kusukulu komweko, a komiti n'kumagawa okha. Kaya zimakwana, sindikudziwa, ndinachokamo m'komiti chaka chomwecho. Choko chija anachigwiritsa ntchito zaka, ahedi anachita kugawirako sukulu zoyandikana nazo.

Mwana wangayo ali ndi ana asanu tsopano, amuna akenso ali ku Joni. Sanandinenepo kanthu, ngakhale kamodzi, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandikalipira. Chaka chatha anabwera kudzandithandiza kutong'ola chimanga, ndiye ndinalimba mtima n'kuyambitsa nkhaniyi. Ndinati mwana wanga, ukukumbuka tsiku lija kunabwera bwana wa njinga yamoto, tinabwereka malata?

Anasiya kutong'ola, n'kumwetulira.

"Ndikukumbuka, amama. Munatikhazika m'buloko yatsopano, pa benchi yakutsogolo. Munali mthunzi wozizira bwino. Ine ndinkaganiza kuti malo anga a sikisi ndi amenewo, ndinalemba n'chizindikiro kunsi kwa benchi kuti wina asadzandilande."

Benchiyo ikadali kutchalitchi. Sindinayang'anepo kunsi kwake, ndipo Lamlungu ndimakhala kumbuyo.